Bomba m'matumba a sikirapu

Sabata ino kushopu kwathu kowotcherera zitsulo ku Luwinga inayamba mwa nthawi zonse: mabaglabazi a nyumba ina ku Katoto, geti la ku Chibavi, magetsi kuzima masana, ife n'kumangowothera dzuwa panja. Zimenezo nonse mukuzidziwa.

Koma Lachitatu, abale. Bwana anagula sikirapu ya pa kilo kwa anyamata a njinga osamasula n'komwe matumba. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anatolamo chitsulo chadzimbiri, chonenepa pakati, cha timapiko kumchira, n'kuchimanga pa vayisi. Akuti amafuna aone ngati mkati muli kopa. Ndikutembenuka, girayinda ili kale m'manja, ikulira. "Iwe, zimitsa! Choka pamenepo!" Linali bomba la mortar, lija asilikali amaliponya ndi mfuti yonga paipi. Miyendo yanga inachita kuzizira.

Aliyense wogwira rodi amadziwa kuti mild steel ndi cast iron ndi zitsulo zosiyana khalidwe. Mild steel kaboni wake sapitirira 0.3 peresenti, ndiye ukaipanikiza imapindika, imatamuka, kenako n'kung'ambika. Cast iron kaboni wake amaposa 2 peresenti, ndipo kupinda siikudziwa, imangosweka ngati mbale yadothi. Amene munayesapo kuwongola buloko ya injini ndi hamala mukundimva. Mabomba ambiri a mortar thupi lake ndi la chitsulo chosachedwa kusweka chotere, ndipo n'zadala: likaphulika silitseguka mbali imodzi, limamwazika tizidutswa takuthwa mbali zonse. Malata a shopu yathu akanatchinga chiyani? Kuseri kwake kuli amayi ogulitsa mandasi. Komanso dzimbiri la kunja silitanthauza kuti zam'kati zinafa, kutentha kwa girayinda n'kokwanira kuzidzutsa.

Tinatulutsa anthu onse n'kuimbira apolisi, iwo anaitana asilikali amene anadzalichotsa. Palibe wa ife analikhudzanso.

Chimene chikundiwawa mpaka pano ndi bwana. Atafika, funso loyamba silinali la mnyamatayo ayi, linali loti ndani abweze tsiku limene latayika. Munthu yemweyo takhala tikumupempha magalasi ndi magolovesi chiyambire chaka, yankho lake n'lakuti zinthu zadula. Ndamuuza kuti thumba lililonse la sikirapu ndizilikhuthula ndekha pansi lisanalowe m'shopu, afune asafune.

Geti la ku Chibavi tinalimaliza Loweruka madzulo, lopanda penti, chifukwa nayonso sanagule.