Lipoti la ulendo wa ku Ghana: kudutsa pabwalo la ndege la Bole ku Addis Ababa

Gulu lathu la alimi a mtedza ndi soya, limene linapita kukacheza ndi alimi anzathu kumpoto kwa Ghana, labwerako bwino. Za m'minda ndi za misika tidzazifotokoza pamsonkhano wa makalabu. Lipoti lino ndi la panjira pokha, makamaka pabwalo la Bole ku Addis Ababa, likulu la Ethiopia, chifukwa gulu lotsatira lidzadutsa pomwepo ndipo ambiri mwa iwo sanakwerepo ndege. Palibe ndege yochoka ku Lilongwe n'kukatera ku Accra, likulu la Ghana, osasintha. Ife tinakwera ya Ethiopian Airlines, kampani yomwe ilinso ndi magawo 49 pa 100 alionse mu Malawi Airlines, ndipo kupita n'kubwera komwe tinagona ku Addis Ababa.

Mfundo yathu yaikulu ndi iyi: mtsogoleri wa gulu asasunge mapepala a anthu onse m'chikwama chake. Kwathu kuno tinazolowera kuti wapampando agwire matikiti a basi, ena tingotsatira. Pa Bole zimenezi sizitheka. Mzere uliwonse umafuna munthu aliyense payekha, pasipoti ndi boarding pass (chiphaso chokwerera ndege) zili m'manja, ndipo gulu limagawikana ngakhale musakufuna. Membala aliyense adziwe kuwerenga yekha zinthu zinayi pa boarding pass yake: nambala ya ndege, nthawi yoyambira kukwera, geti ndi mpando. Amene kuwerenga kumawavuta apatsidwe mnzawo woyenda naye phazi ndi phazi kuchokera ku Lumbadzi komwe.

Ntchito yambiri ya pa Bole imathera pakauntala ya bwalo la Kamuzu. Fikani maola atatu ndege isananyamuke, chifukwa gulu limachedwa pasikelo. Tikiti yathu inkalola zikwama ziwiri zosapitirira makilogalamu 23 chilichonse, ndi chimodzi cha m'manja cha makilogalamu 7, koma yang'anani yanu chifukwa matikiti amasiyana. Simungaphatikize makilogalamu 46 m'chikwama chimodzi ayi. Yesani kulemera kwa katundu kunyumba pa sikelo yogulitsira mbewu, musadzamasule zikwama pagulu. Akamata chipepala chachitali pachogwirira, werengani zilembo zitatu zikuluzikulu zili pamenepo. LLW ndi Lilongwe, BLZ ndi Blantyre, ADD ndi Addis Ababa, ACC ndi Accra. Ngati mukupita ku Accra, pakhale ACC. Kapepala kakang'ono kokhala ndi nambala kamene amakupatsani musakataye, ndipo kajambuleni pafoni pamodzi ndi chikwamacho. Pemphaninso boarding pass ziwiri, ya ndege yoyamba ndi yachiwiri.

Chikwama cholembedwa ACC simuchionanso mpaka ku Accra, ngakhale mugone ku Addis Ababa. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa m'mbuna. Mankhwala a BP, a shuga, a mphumu kapena ma ARV, zovala zosinthira, mswachi, chaja ndi juzi zikhale m'chikwama cha m'manja. Power bank nayo siloledwa m'katundu wopita pansi pa ndege, chifukwa batire lake likhoza kuyaka kumene palibe woliona. Malire ake ndi 100Wh, amene ndi pafupifupi 27,000mAh, ndiye zambiri zogulitsidwa m'misika yathu zimadutsa bola zolemba zake zizioneka.

Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Ghana imafuna khadi lachikasu la katemera wa yellow fever kwa aliyense wolowa. Khadili limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 munthu atabayitsa, ndiye kubayitsa sabata yonyamuka n'kungotaya ndalama ya tikiti. Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO linati katemera mmodzi ndi wa moyo wonse, choncho amene ali ndi khadi lakale asalitaye. Likhale mkati mwa pasipoti.

Ulendo wa mlengalenga kuchoka ku Lilongwe ndi wa maola pafupifupi anayi ndege ikapanda kuima kwina. Tinanyamuka masana n'kufika kunja kutada, ndipo imeneyi ndi nthawi imene Bole amadzaza. Si mwangozi. Kampani ya Ethiopian Airlines inakonza ndandanda yake kuti ndege zochokera m'mizinda ya mu Africa zizitera madzulo motsatizana, anthu asinthire ku ndege zopita ku Ulaya, ku Asia ndi ku America zonyamuka pakati pa usiku. M'mawa zimatembenuka: zakutali zimatera mbandakucha, za mu Africa n'kunyamuka dzuwa litakwera pang'ono. Ndiye anthu zikwizikwi amakumana m'makonde nthawi imodzi, ngati pa depoti ya mabasi ku Lilongwe tsiku lotsekera sukulu, pamene masana malo omwewo amakhala a phee. Nyumba ya maulendo akunja, Terminal 2, anaikulitsa n'kuitsegula mu January 2019 kuti bwaloli lizitha kulandira anthu 22 miliyoni pachaka, koma yayamba kale kuchepa. N'chifukwa chake akukonza bwalo lina lalikulu ku Bishoftu, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzindawu.

Kuchuluka kwa ndege kumachititsa kuti zambiri ziime kutali ndi nyumba. Mumatsika pamasitepe n'kukwera mabasi, ndipo basi ikadzaza imanyamuka osadikira kuti gulu lanu likwane. Ifenso tinalowa m'mabasi osiyana. Chinatithandiza n'choti tinali titagwirizana kale kuti wofika poyamba aime chapambali atangolowa pakhomo, asapitirire. Gwirizanani zimenezi muli pansi ku Lilongwe, chifukwa mafoni a ambiri sagwira netiweki kunja, ndipo Wi-Fi ya pabwalo simungaidalire anthu akachuluka.

Mukalowa, njira zimapatukana. Ina ndi ya ofika amene akulowa mu Ethiopia, ina ndi ya osinthira ndege, yolembedwa Transfer kapena Connecting Flights. Ngati ndege yanu yachiwiri ikunyamuka usiku womwewo, tsatirani ya osinthirayo, muunikidwe ndi achitetezo, mukafune geti. Ngati kudikira kwanu kuli pakati pa maola 8 ndi 24 pa tikiti imodzi ya Ethiopian Airlines, ndipo panalibe ndege ina yofulumira yomwe mukanakwera, kampaniyi imapereka malo ogona, chakudya ndi galimoto. Funsani za vawucha yake, kapepala kokuyenerezani kulandira zimenezi, pogula tikiti ndiponso pakauntala ku Lilongwe. Amene sanailandire kumeneko amakaitenga pa desiki ya osinthira ndege. Ndi vawuchayo mumadutsa pa imigireshoni, n'kutuluka kukapeza galimoto ya hotela yomwe yalembedwapo. Kampaniyi ili ndi hotela yake, Skylight, yomwe inatsegulidwa mu 2019 pafupi ndi bwalo, koma imatumizanso anthu ku mahotela ena a mumzinda. Choncho pitani pa desiki gulu lonse pamodzi ndipo nenani kuti ndinu gulu, apo ayi mugona malo atatu osiyana. Amene anagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama mwayiwu sawupeza, ndipo katundu wawo amayenera kumutenga n'kumulembetsanso.

Nkhani ya nthawi tiyifotokoze mofatsa, chifukwa ikhoza kusiyitsa gulu lonse ndege. Ethiopia ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Ghana ili kumbuyo kwa Malawi ndi maola awiri, ndiye kuti kumbuyo kwa Ethiopia ndi maola atatu. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya malo amene ndegeyo ikunyamukira kapena kutera. Foni yopanda netiweki imatha kukhalabe pa nthawi ya kwathu, ndipo alamu ikalira mumakhala mutachedwa kale ndi ola lathunthu. Sinthani wotchi ndi dzanja ndege ikangotera.

Palinso china. Anthu a ku Ethiopia pocheza amawerenga maola kuyambira m'bandakucha. Imene ife timati 7 koloko m'mawa, iwo amati 1 koloko. Imene timati 6 koloko m'mawa, kwa iwo ndi 12 koloko. Matikiti ndi masikirini a pabwalo amagwiritsa ntchito nthawi yomwe tinazoloweraku, koma dalaivala kapena wolandira alendo akhoza kukuuzani kuti galimoto ibwera 12 koloko akutanthauza 6 koloko ya m'mawa. Musangovomera ndi mutu. Muonetseni wotchi, kapena apempheni alembe papepala ndi kunena kuti ndi nthawi iti mwa ziwirizi.

Addis Ababa ili pamtunda wa mamita oposa 2,300, pamene Lilongwe ili pa mamita 1,000 ndi pang'ono. Usiku kumazizira ndithu, ndipo mpweya ndi wopepuka. Achikulire m'gulu lathu ankapuma mwawefuwefu pokwera masitepe ndi chikwama. Yendani pang'onopang'ono, imwani madzi. Ngati pali wovutika miyendo, pemphani wilitcheya kudzera kwa wogulitsa tikiti kudakali masiku awiri. Salipiritsa, ndipo si chamanyazi. Masoketi a kumeneko ndi a mabowo awiri ozungulira, ndiye pulagi yathu ya mano atatu silowa popanda adaputala. Ku Ghana mapulagi athu amalowa m'malo ambiri. Ndalama ya ku Ethiopia ndi birr, ndipo kwacha palibe amene angakusinthireni. Tengani madola ang'onoang'ono, atsopano ndi osang'ambika.

M'mawa galimoto imakutengani molawirira kwambiri, ndipo musadandaule nazo. Mumaunikidwa polowa m'nyumba, mumadutsa pa imigireshoni, kenako mumaunikidwanso musanafike kumageti. Pamzere womalizawu ndi pamene nthawi imathera. Vulani lamba, wotchi ndi jekete mudakali pamzere, tulutsani makobidi m'matumba, laputopu ikhale pa thireyi yakeyake, ndipo nsapato akanena kuti muvule, vulani. Zamadzimadzi zololedwa m'chikwama cha m'manja ndi za m'mabotolo osapitirira mamililita 100. Amayang'ana kukula kwa botolo, osati zotsalamo, ndiye botolo lalikulu la mafuta odzola lotsala pang'ono limatsala pomwepo. Uchi, tsabola wa m'botolo ndi chiponde zimawerengedwa ngati zamadzimadzi. Mphatso zotere zipite m'chikwama chachikulu, zitakulungidwa m'pulasitiki. Malezala, mipeni ndi sizasi chimodzimodzi.

Mukadutsa apo, pitani kaye pa sikirini musanaganize za tiyi kapena masitolo. Funani nambala ya ndege yanu, yoyamba ndi zilembo ET, osati dzina la mzinda lokha, chifukwa ndege ina imadutsa mizinda iwiri ndipo dzina limasinthasintha pa sikirini. Geti yolembedwa pa boarding pass yomwe munalandira dzulo lake ikhoza kukhala itasintha, ndipo imatha kusinthanso mutakhala kale pansi. Zolengeza za pa sipika sizimveka bwino m'phokoso. Ife tinasankha anthu awiri oti azikayang'ana sikirini mosinthana pa mphindi 15 zilizonse. Mageti ena ndi otsikira pansi kukakwera basi, ndipo pamenepo mizere ya ndege zingapo imayandikana kwambiri, moti munthu akhoza kuima pa mzere wa ku Lagos akuganiza kuti ndi wa ku Accra. Funsani amene ali patsogolo panu kumene akupita. Nthawi yofunika ndi yoyambira kukwera, osati yonyamukira, chifukwa geti imatsekedwa ndege isananyamuke ndipo wochedwa amamutsitsira katundu wake. Opita kuchimbudzi apite awiriawiri, pasipoti ili m'thumba mwawo, ndipo auze wina.

Chikwama chikapanda kutuluka pa lamba wobweretsa katundu kumene mwafika, musatuluke m'chipinda cha katunducho. Pitani pa desiki ya katundu wosowa ndi kapepala ka nambala kaja, alembe fomu yotchedwa Property Irregularity Report, akupatseni nambala yake. Siyani adiresi ndi foni ya amene akulandirani. Malinga ndi pangano la Montreal la 1999, limene mayiko anagwirizana pa maulendo a pandege, chikwama chowonongeka mumadandaula polemba pasanathe masiku 7, chochedwa pasanathe masiku 21 chikufikireni. Kawirikawiri katundu amatsalira pamene nthawi yosinthira ndege inali yochepa, ndiye pogula matikiti a gulu musasankhe kusinthira kwa ola limodzi ngakhale kompyuta ikuloleza. Munthu mmodzi akhoza kuthamanga, gulu la anthu khumi ndi angapo silingathe.

Pobwerera, alimi anzathu a ku Ghana anafuna kutipatsa mbewu zawo za mtedza kuti tikayese kwathu, ndipo tinazikana mwaulemu. Mbewu siilowa m'dziko popanda chilolezo choitanitsira ndi satifiketi yotsimikiza kuti ilibe matenda, ndipo kuno zimenezi zimayendetsedwa ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi. Gulu lotsatira likafuna kubwera ndi mbewu, liyambe kufunsa ku Chitedze miyezi ingapo lisananyamuke, ndipo anzathu a ku Ghana auzidwiretu kuti akonze mapepala a mbali yawo.