Kachipangizo ka kumbuyo kwa jombo: mbiri ya bizinesi yathu

Sabata yatha sukulu yachitatu yophunzitsa ski (masewera otsetsereka pa chipale chofewa cha m'mapiri, munthu ataponda timatabwa tiwiri tatitali totchedwanso ski) kuno ku Tyrol, m'dziko la Austria, yasaina nafe mgwirizano. Alamu anga, amene ndimayendetsa nawo bizinesiyi, akuti ndisiye manyazi, ndilembe kumene tachokera kuti makasitomala atsopano adziwe anthu amene akuwakhulupirira.

Timapanga kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, komangirira kumbuyo kwa jombo ya ski, kamodzi mwendo uliwonse. M'kati mwake muli accelerometer, yomwe imamva kugwedezeka ndi kusintha kwa liwiro, ndi gyroscope, yomwe imamva kupendekeka ndi kuzungulira kwa mwendo. Manambala amapita ku foni kudzera pa Bluetooth, ndipo munthu akafika m'munsi mwa phiri pulogalamu yathu imamuuza kuti wakhota kangati komanso wakhota motani.

Kakhotedwe kali mitundumitundu. Wongoyamba kumene amaphunzira Pflug: nsonga za ski zimayandikana kutsogolo, zidendene zitatalikirana. Kenako amaphunzira kukankhira ski yakunja pambali, inayo n'kumatsatira. Makwerero amenewa ndi akale, mphunzitsi wotchuka wa ski Hannes Schneider ankaphunzitsa nawo ku St. Anton, konkuno ku Tyrol, m'zaka za m'ma 1920. Pamwamba pake pali kukhota ski zili pambalipambali koma zikukwekwereza chipale, ndiye pamapeto pali carving, pomwe chitsulo cha m'mphepete mwa ski chimadula chipale n'kusiya timizere tiwiri toonda. Carving inafala m'zaka za m'ma 1990, makampani monga Elan ndi Kneissl atatulutsa ski zolowa m'chiuno, zoonda pakati koma zotambalala kumapeto. Chiyambire nthawi imeneyo, aliyense wogula ski zoterozo amalumbira kuti amachita carving, chonsecho ambiri amangokwekwereza. Mphunzitsi mmodzi, ophunzira khumi ali balalabalala pamtsetse, sangaone miyendo ya onse. Mpata wa bizinesi tinauona pamenepo.

Ndalama zoyambira zinali zathu zomwe, chifukwa bwana wina wa kubanki, atamva zomwe tikufuna kuchita, anandifunsa kaye ngati ndinapondapo chipale chofewa. Ngongole sanatipatse. Bwana, khadi lanu la Khirisimasi lomwe mwayamba kutitumizira chaka chino tinalilandira.

Tsopano tsoka lathu. Kuti kompyuta izindikire kakhotedwe, imafunika kuonetsedwa zitsanzo zambirimbiri zolembedwa kale kuti ichi ndi chakuti. Ife tinapita ku phiri la ku Hintertux, komwe chipale sichitha chaka chonse, n'kulemba ganyu aphunzitsi odziwa bwino kuti atichitire mtundu uliwonse. Anachita mokongola. Poyesa pa laputopu, pulogalamu sinkaphonya, ndipo tinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Tsiku loonetsa kwa akuluakulu a sukulu ina, tinamangirira tizipangizoto pa ophunzira enieni a tsiku lachiwiri. Mayi wina anagwa chammbali katatu, pulogalamu n'kumulembera kuti wachita carving katatu, chifukwa jombo inapendekeka kwambiri monga imachitira kwa katswiri. Mnyamata wina ankagwedeza miyendo ali pa lifiti, mpando wa pachingwe wokweza anthu, akukwera phiri, ndipo anapatsidwa makhotedwe ambirimbiri asanatsetsereke n'komwe. Pofika masana theka la tizipangizo tinali titazima. Mabatire a lithiamu amafooka pozizira, ndipo amene anatigulitsa anali atatitsimikizira kuti ake sagonja. Titawaimbira anati mwina tinawasunga molakwika. Pa phiri la chipale, bambo, tikanawasunga pati?

Mkulu wa sukuluyo sanakalipe. Anangondigwira paphewa nati tidzabwerenso tikadzakonzeka. Ndinalakalaka akanangondikalipira.

Usiku umenewo alamu anga ndi amene anaona gwero la vuto: tinaphunzitsa kompyuta Pflug ya mphunzitsi, yosalala, yopanda mantha. Pflug ya wophunzira imanjenjemera, mwendo wina umatsalira, ndipo munthu amaima pakati pa kukhota kuti apume. Nyengo yachisanu yotsatira yonse tinaithera pa mitsetse ya ana ndi ongoyamba kumene, kamera m'manja, titapempha chilolezo kwa aliyense. Kukhota kulikonse kunkaonedwa ndi aphunzitsi awiri, wina kwake wina kwake, ndipo akasiyana maganizo tinkakutaya. Zinandidabwitsa kuti aphunzitsi nawonso amatsutsana kawirikawiri.

Tinasinthanso zomwe pulogalamu imayang'ana. Imayamba yapeza kamphindi kamene jombo ikuchoka m'mphepete mumodzi kupita mwina, poti pamenepo ndi pamene kukhota kumodzi kwatha, kwina n'kuyamba. Ikatero imayerekeza kupendekeka ndi kuzungulira. Pa carving ziwirizi zimayendera limodzi mwaphee. Wokwekwereza amapotoza ski mwadzidzidzi chitsulo chisanalume chipale. Tinaonjeza kasensa koyeza mphamvu ya mpweya, kuti munthu akamakwera tidziwe kuti ali pa lifiti. Magnetometer, sensa yomva maginito ngati kampasi, tinaisiya, zitsulo za malifiti zimaisokoneza. Mabatire tinapeza kwina, ndipo gulu lililonse likafika limagona kaye mu firiza tisanalipire.

Sukulu yomwe inationa tikuchita manyazi ija ndi imene inayamba kusaina.

Ndithokoze alamu anga, amene anasiya ntchito ya malipiro abwino n'kumakhala nane usiku pa manambala. Ndithokoze mayi a kunyumba, omwe analola tebulo lodyera kusanduka shopu ya mawaya zaka ziwiri, mpaka kutibwereka firiza. Aphunzitsi amene anaonera mavidiyo maso mpaka kufiira, Mulungu akudalitseni. Makolo amene munalola ana anu kuvala tizipangizo tathu, anyamata a pa lifiti amene munkatitolera tomwe tagwa, bambo wa shopu yobwereketsa ski amene munatipatsa kashelefu popanda lendi, ndi mayi munagwa katatu aja, amene munabweranso chaka chotsatira kudzatithandiza: zikomo kwambiri nonse.

Nyengo yayandikira. Mpikisano wa ski wa World Cup ukangotsegulidwa ku Sölden, kuno ku Tyrol, kumapeto kwa Okutobala, maoda amachuluka ndipo manja athu ndi ochepa. Eni sukulu, tiitaneni msanga, tidzabwera ndi tizipangizo tokwanira kalasi imodzi kuti muyese tsiku lathunthu kwaulere, pa ophunzira anu ofooka kwambiri. Otsetsereka paokha mukhoza kubwereka tizipangizo tiwiri pa tsiku kapena kugula tanutanu, ndipo tizipangizoti timakwanira pa jombo ya mtundu uliwonse. Batire ikazima lifiti yomaliza isanatseke, ndalama yanu tidzabweza yonse.