Mmene tinaikira sola pasukulu yathu

Ndine msungichuma wa komiti ya makolo pasukulu ina ya sekondale ku Area 25. Nkhani ya sola inabuka mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Magetsi ankathima nthawi ya makalasi, ana a Fomu 4 n'kumangoyang'ana makompyuta ozima, mayeso a MSCE ali pakhomo. Jenereta tinali nayo, koma dizilo tinkachita kugonera pamzere.

Sitinathamangire kwa ogulitsa. Ine ndi aphunzitsi a fizikisi tinatenga kope n'kuzungulira sukulu yonse, kulemba mawati a chipangizo chilichonse ndi maola amene chimayaka: makompyuta, pulinta, mababu, mpope wa pachitsime. Zomwe tinapezazo zinandikhazika mtima pansi. Sukulu imadya magetsi masana, dzuwa lili pamutu. Usiku ndi mababu a alonda okha ndi chipinda chowerengera. Ndiye mabatire, omwe ndi amene amameza ndalama zambiri, sitinafunike ochuluka.

Inveta ndi chipangizo chosintha magetsi a sola kuti akhale ngati a ESCOM. Tinasankha yophatikiza: imayamba ndi dzuwa, likachepa imatenga a ESCOM, zonse zikasowa ndi pamene batire limalowa. Mpope tinagwirizana kuti uziyatsidwa masana basi.

Makotesheni tinatenga atatu, ndipo aliyense tinamufunsa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Mmodzi anangoseka, ifenso tinamusiya pomwepo. Mkangano waukulu unali pa mabatire. Makolo ena ankafuna a asidi chifukwa ngotsika mtengo. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Bambo tcheya, a asidiwa safuna kuti moto wake utsike kupyola theka, sachedwanso kutha, ndipo pakapita zaka zochepa tidzabweranso kudzasonkhetsa anthu omwewa." Tinagula a lithium, ochepa.

Tili mkati mosonkha, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kotesheni yathu inasanduka pepala chabe. Ndinasowa tulo, chifukwa ndalama zija ena anachita kugulitsa chimanga. Tinagawa ntchito pawiri: inveta yaikulu ndithu ndi mapanelo a labu ya makompyuta choyamba, ena n'kudzawonjezera pambuyo.

Pofuna kudziwa ngati zikubweza, ndinasonkhanitsa malisiti a mayunitsi ndi a dizilo a chaka chonse. Poyerekeza ndi mayunitsi okha, ndalama imabwerera pang'onopang'ono, makamaka poti pa holide mapanelo amangowotha dzuwa popanda wogwiritsa ntchito. Ukawonjezapo dizilo ndi kukonzetsa jenereta, m'pamene phindu limaoneka. Ndinawauza makolo zimenezi osabisa.

Mapanelo anawayang'anitsa kumpoto, pakuti kuno dzuwa limapendekera kumeneko miyezi yambiri. Fumbi la mu Okutobala limawafooketsa, choncho Lachisanu lililonse m'mamawa, asanatenthe, amatsukidwa ndi madzi ndi kansalu kofewa. Mwezi uno tayamba kusunga kangachepe m'bukhu lapadera, kodzagulira batire lina likadzatopa ili.