Mmene ndimayendera ndi mwana wa Sitandade 8 pa samu yolembedwa m'mawu

Ana ambiri amene ndimawathandiza masamu madzulo akaweruka kusukulu amadziwa bwino kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, koma manambala omwewo akabwera atakulungidwa m'kankhani, amangoyamba kutafuna cholembera. Vutoli limakula mu Sitandade 8, chifukwa mayeso omaliza maphunziro a pulayimale, a PSLCE, amene bungwe loona za mayeso la MANEB limalembetsa amafunsa masamu m'Chingerezi, ndipo zotsatira zake ndi zimene amaona posankha ana opita ku Folomu 1. Ndifotokoza njira imene ndimatsata pogwiritsa ntchito funso limodzi limene ndinapeka ndekha, la mtundu wa mafunso a phindu ndi kuluza amene ana amakumana nawo m'mabuku a pulayimale ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi.

Funsolo likuti: mayi wina anagula matumba 4 a chimanga, lililonse lolemera makilogalamu 50, pa mtengo wa K30,000 thumba limodzi. Analipira K2,000 pa thumba lililonse kuti ngolo iwanyamule mtunda wa makilomita 12 kukafika kumsika. Kumeneko anapeza kuti makilogalamu 10 ndi ofumbwa ndipo anawataya, kenako chimanga chotsalacho anagulitsa pa K800 kilogalamu imodzi. Kodi phindu lake linali maperesenti angati?

Poyamba ndimamuuza mwanayo kuti aike pensulo pansi. Amawerenga funso kawiri, kachiwiriko mokweza, kenako ndimaphimba pepala ndi dzanja n'kumupempha kuti andifotokozere m'Chichewa zimene zinachitikira mayiwo, ngakhale ataiwala manambala onse. Apa ndi pamene ndimakhalitsa kwambiri. Mwana amene akulephera kunena kuti mayiwo anagula, analipira ngolo, anataya china, n'kugulitsa chotsala, vuto lake silili pa masamu ayi, lili pa kumva nkhaniyo, ndipo kumupatsa masamu enanso makumi awiri ochulukitsa sikungamuthandize. Funso likakhala m'Chingerezi timamasulirana chiganizo chimodzichimodzi mpaka nkhani yonse itamveka, pensulo ikadali pansi.

Nkhani ikamveka timapita ku chiganizo chomaliza, chifukwa ndi mmene mumakhala chimene chikufunsidwa. Mwanayo amalemba m'munsi mwa tsamba kuti "Phindu ndi maperesenti", n'kusiya mpata wa yankho. Kuchokera pamenepo timayenda chobwerera m'mbuyo. Ndimamufunsa kuti tingadziwe bwanji maperesenti a phindu, ndipo timagwirizana kuti tikufunika phindu lenilenilo m'makwacha komanso ndalama zonse zimene mayiwo analowetsa. Nanga phindulo tilipeza bwanji? Tikufunika ndalama zimene anapeza atagulitsa. Nanga zimenezo? Tikufunika kudziwa makilogalamu amene anagulitsadi. Funso limodzi loopsa lija limasanduka timafunso tinayi timene mwana wa Sitandade 5 akhoza kuyankha.

Kenako amajambula matumba anayi, n'kulemba 50 pa lililonse, ndipo pa thumba lomaliza amadula kachigawo ka makilogalamu 10 ofumbwa aja. Nambala iliyonse imene akulemba iyenera kukhala ndi dzina lake pambali: makwacha, makilogalamu kapena matumba. Ndimaumirira pa zimenezi chifukwa ndi zimene zimaulula makilomita 12 aja. Ana ambiri amakhulupirira kuti nambala iliyonse ya m'funso iyenera kugwira ntchito, choncho amachulukitsa K2,000 ndi 12, pamene funso lanena kale kuti ngolo inalipidwa pa thumba, osati pa mtunda. Mwana akayang'ana timafunso take tinayi tija amaona kuti palibe kamene kakufuna makilomita, ndipo amakhwatcha 12 yekha popanda ine kumuuza.

Tisanawerengetsere timayerekeza kaye. Mayiwo analowetsa ndalama zoposa pang'ono K120,000 ndipo anapeza zosakwana K160,000, motero phindu silingafike K40,000, ndipo maperesenti ake sangapitirire 33. Malire amenewa timawalemba pambali pa tsamba.

Kuwerengetsera kwenikweni kumatenga kanthawi kochepa. Matumba 4 pa K30,000 ndi K120,000; ngolo ndi K8,000; zonse pamodzi ndi K128,000. Chimanga chinali makilogalamu 200, tikachotsera 10 atsala 190, ndipo 190 kuchulukitsa ndi K800 ndi K152,000. Phindu ndi K152,000 kuchotsera K128,000, zimene zikupereka K24,000. Tsopano timagawa 24,000 ndi 128,000 n'kuchulukitsa ndi 100. Ndimalimbikitsa mwanayo kuchepetsa manambala asanayambe kugawa kwautali: akachotsa maziro atsala ndi 24 pamwamba pa 128, ndipo akagawa zonse ndi 8 atsala ndi 3 pamwamba pa 16. Pamenepo 3 kuchulukitsa ndi 100 ndi 300, ndipo 300 kugawa ndi 16 ndi 18.75, kutanthauza kuti phindu linali maperesenti 18.75.

Funsoli ndinalikonza dala kuti mwana woiwala chimanga chofumbwa chija apeze K160,000, phindu la K32,000, ndi maperesenti 25 enieni. Yankho limeneli ndi losalala, ndipo ana amalikhulupirira msanga kuposa 18.75, poganiza kuti yankho lolondola silikhala ndi zotsalira. Pa mafunso osankha yankho, mayankho olakwika nthawi zambiri amachokera ku zolakwa zodziwika ngati zimenezi, choncho kuona nambala yako pakati pa A, B, C ndi D si umboni woti wakhoza. Cholakwa china chofala ndi kugawa phindu ndi K152,000 m'malo mwa K128,000. Ndimachikonza pofunsa kuti phindu limayezedwa pa ndalama ziti, za mpamba kapena zimene wabwera nazo kumsika, ndipo mwana amene anathandizapo kugulitsa mandasi kapena tomato pakhomo amayankha nthawi yomweyo kuti ndi pa mpamba.

Pali chizolowezi china chimene sindigwirizana nacho, chophunzitsa ana kuti akaona mawu akutiakuti aphatikize, akaona ena achotsere. Chimathandiza pa mafunso ofewa, koma chimagwetsa mwana funso likati, "Mwana wina ali ndi mango 15, ndipo amenewa ndi ochuluka ndi 6 kuposa a mnzake, mnzakeyo ali ndi angati?" Woloweza mawu amaphatikiza n'kupeza 21, pamene woona nkhani m'maganizo amadziwa kuti mnzakeyo ali ndi ochepa, ndiye kuti 9.

Yankho likapezeka timalibweza m'nkhani kuti tione ngati likukwana. Pa funso la chimanga, 18.75 ili pansi pa malire athu a 33, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu a K128,000 ndi K25,600, nambala yoyandikana ndi K24,000, choncho maperesenti ochepera pang'ono pa 20 akumveka. Kubweza yankho m'nkhani n'kofunika kwambiri pa mafunso a kugawa ndi a nthawi. Ngati ophunzira 130 akupita ku masewera ndipo minibasi imodzi imanyamula anthu 16, kugawa kumapereka 8 kutsala 2, koma yankho ndi maminibasi 9, pokhapokha ngati ana awiri asiyidwa pasukulu. Ngati basi yanyamuka 7:45 n'kufika 10:15, mwana wochotsera ngati manambala wamba amapeza 2:70, chifukwa waiwala kuti ola lili ndi mphindi 60, osati 100. Ndimamuwerengetsa kuyambira 7:45 kufika 8:00, kenako kufika 10:00, kenako 10:15, ndipo amapeza maola awiri ndi theka, amene powerengetsera liwiro amalembedwa 2.5, osati 2.30.

Pomaliza ndimamusiyira mwanayo funso lomwelo la chimanga, koma ndimasintha chinthu chimodzi: mayiwo agulitse pa K600 kilogalamu imodzi. Akawerengetsera amapeza K114,000, ndalama zochepera pa mpamba ndi K14,000, ndipo chimene ndimayembekezera n'chakuti akhwatche yekha mawu oti "phindu" m'munsi mwa tsamba muja n'kulembapo "kuluza" asanayambe kufunafuna maperesenti.