Zikomo a Mangochi, atsikana athu aonetsa Romeo and Juliet

Chionetsero chatha, mabenchi abwerera m'makalasi, ndipo ife alangizi a kalabu ya zisudzo ya atsikana tati tisagone nalo thokozo. Ana athu a sekondale asewera Romeo and Juliet, sewero la William Shakespeare, m'Chichewa kuno ku boma, ndipo mbali zonse, za amuna zomwe, anatenga okha. M'masiku a Shakespeare mbali za akazi ankasewera anyamata. Ku England akazi anayamba kuoneka pa siteji mu 1660.

Tiyambe ndi inu makolo. Makalabu a atsikana safa chifukwa chosowa luso, amafa ndi nthawi. Mtsikana akaweruka amapeza madzi ndi nkhuni zikumudikira, wina ali ndi madrasa, wina akathandize kuyanika usipa. N'chifukwa chake zokonzekera zisapitirire ola limodzi ndi theka, kawiri pa sabata, Lachisanu ayi, ndipo zithe pofika 4 koloko kuti wa tsidya la Shire awoloke mlatho wa Bakili Muluzi kukadali kowala. Munatilola, ndipo amayi oyang'anira atsikana pasukulu munkasinthana kuwaperekeza. Agogo amene munkalera makanda kuti atsikana obwerera kusukulu atabereka asaphonye, Mulungu akudalitseni.

Mashehe ndi abusa munawerenga sewero lonse tisanayambe. Kupsompsonana tinachotsa, n'kusiya kugundanitsa zikhato kumene kuli kale m'mawu a Shakespeare pamene awiriwo akumana koyamba. Wovala hijabu anasewera ndi hijabu yake, ngakhale amene anali Tybalt, msuweni wa Juliet wokonda ndewu.

Aphunzitsi a Chingerezi ndi Chichewa, inu munasenza gawo lowawa. Sewero lathunthu limadutsa maola awiri, ndipo m'holo ya malata ndi kutentha kwa kuno palibe angapirire. Linadulidwa kufika mphindi 50: ndewu ya mumsewu, phwando, kukambirana kwa usiku, ukwati wam'seri, imfa ya Mercutio (mnzake wa Romeo) ndi Tybalt, ukali wa bambo Capulet (bambo ake a Juliet), kenako manda. Kumasulira liwu ndi liwu kumabala Chichewa chosalankhulika, choncho mtsikana aliyense amayamba wanena yekha zimene mzerewo ukutanthauza, polemba n'pambuyo. Mlezi wa Juliet anapatsidwa Chiyao apo ndi apo, ndipo mwamva nokha mmene holo inachitira.

Pamene pagona sewero lonse kwa ife ndi pomwe bambo Capulet akulamula mwana wawo kukwatiwa Lachinayi ndi Paris, mwamuna amene amusankhira, apo ayi achoke pakhomo. Juliet sanakwanitse n'komwe zaka 14. Kuno lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kutseka mpata wokwatiwitsa wa zaka 15 makolo akavomera, koma tonse tikudziwa zimene zimachitikabe m'midzi yathu. Cholakwika chofala n'kusewera bamboyu ngati chidakwa cholusa. Anthu amangoseka, ndipo palibe bambo amene amadziona mmenemo. Aseweredwe ngati munthu wokonda mwana wake, wokhulupirira kuti wamupezera banja labwino. Pamenepo m'pomwe holo imakhala zii. Sewero litatha tinabwereza gawoli, n'kuliimitsa pakati, woonera aliyense n'kuloledwa kulowa m'malo mwa mayi ake a Juliet kapena mlezi kuti ayese kubweza bamboyo. Njirayi anaitchukitsa Augusto Boal wa ku Brazil. Mafumu athu, zikomo kuti simunanyamuke, ndiponso kuti munalola ana kuyankhula pamaso panu.

Kuyankhulako sikunabwere kokha. Mtsikana woleredwa bwino amayankhula motsitsa, maso pansi, ndipo mukamuuza kuti akweze amakuwa ndi kukhosi, mawu n'kusasa pasanathe mphindi khumi. Mphamvu ichokere m'mimba: dzanja pamchombo, kukoka mpweya powerenga mpaka 4, kuutulutsa ndi "sss" mpaka 12, masabata akamapita mpaka 20. Kenako awiriawiri amaima motalikirana mapazi asanu, akanena mzere amabwerera m'mbuyo phazi limodzi, mpaka amvane pa mapazi 25 osakuwa. Maso aloze khoma lakumbuyo. Maikolofoni sitigwiritsa ntchito, chifukwa ikakhala imodzi onse amaunjikana pomwepo, magetsi akathima sewero lathera panjira. Ndowa ya madzi akumwa ya malita 20 isasowe.

Akalipentala, malupanga anu ansungwi anali oyenera: masentimita 70, kunsonga kokulunga nsanza. Ndewu ya pasiteji imawerengedwa ngati gule, kumenya kulikonse ndi nambala yake, ndipo imaphunziridwa pang'onopang'ono; wofulumira ndi amene amalasa mnzake m'diso. Kugwa kwa womwalira nako kuli ndi dongosolo, bondo, chiuno, phewa, mutu pomaliza. Akangoti khu! ngati thumba la chimanga, anthu amafa ndi phwete pamalo olira.

Atsikana amene munaloweza mbali zikuluzikulu ngati odzalowa m'malo mwa anzanu akalephera koma simunakwere pa siteji, musadzione ochepa. Mbali yaikulu iliyonse imafuna anthu awiri, popeza malungo sapangana ndi tsiku la chionetsero. Ulendo wotsatira oyamba ndinu.

Ahedi chifukwa cha holo, atelala amene munasoka mikanjo ya zitenje, anyamata akabaza amene munatuta katundu osalipiritsa, ndi alonda amene munkatsekera mochedwa, zikomo kwambiri, sikomo kwejinji. Zitenje ndi mikeka yobwereka tachapa, eni ake mukatenge ku ofesi ya ahedi kuyambira Lolemba. Kulembetsa atsikana atsopano a Fomu 1 ndi 2 kuyamba sabata yachiwiri ya teremu ikubwerayi, ndipo aliyense abwere ndi kalata yovomereza ya kholo.