Sabata imene ana anayenera kubwerera kusukulu

Lolemba pa 13 Julaye 2020 ndi tsiku limene tinkamva kuti mwina sukulu zitsegulidwa. Sizinatheke. Chichokereni pachisankho cha pa 23 Juni odwala Covid-19 ankangochulukirabe, ndiye boma linati tiyambe tadikira. Sukulu yathu, sekondale yogonera komweko ya mpingo wa Katolika kuno ku Mzuzu, yakhala ili zii kuyambira pa 23 Malichi, udzu wafika m'mawondo kuseri kwa mahositelo. Koma ife aphunzitsi sitili patchuthi ayi.

M'mawa umenewo tinakumana ndi a Sisitere, ahedi athu, mipando motalikirana, ndowa ya mpopi ndi sopo pakhomo. Aliyense ananena ana angati akubweza ntchito pagulu la WhatsApp. Ine ndimaphunzitsa masamu Fomu 4, ndipo oyankha sakwana theka. Si ulesi. Mafoni ambiri pagulupo ndi a makolo. Bambo akapita nayo foni kuntchito, mwana amadzaona funso langa usiku, batire itatsala pang'ono, bandulo itatha. Unduna wa zamaphunziro unagwirizana ndi TNM kuti ana a sekondale aziwerenga manotsi pa intaneti mwaulere, chinthu chabwino ndithu, koma foni ya mabatani singatsegule zimenezo. Maphunziro a Tikwere pa wailesi ya MBC ndi a ana a pulayimale. Wa Fomu 4 wakumudzi watsala pamtunda.

Lachiwiri ndinalitha ndikujambula mawu. Masamu samveka ndi khutu lokha, choncho ndimalemba sitepe iliyonse papepala ndi cholembera chakuda kwambiri, kulijambula pawindo pomwe pali kuwala, kenako n'kutumiza mawu ofotokoza mzere ndi mzere. Vidiyo ndinaisiya kalekale, imadya mayunitsi a makolo. Kunja kunali kamvula kowaza ka mwezi uno, zala zitauma ndi chisanu, magetsi atathima chakum'mawa. Ntchito imene ana amabweza imafika ili zithunzi za makope ojambulidwa ndi tochi, mwina chala chitaphimba yankho lenilenilo. Umachita kukulitsa chithunzi mpaka maso kuwawa kuti udziwe ngati ili ndi 3 kapena 8.

Tsiku limene ndimaona kuti tagwiradi ntchito ndi Lachitatu, tsiku la mapepala. Timasindikiza manotsi ndi mafunso mbali zonse ziwiri, zilembo zing'onozing'ono kuti inki ikwane, n'kuika m'maenvelopu. Pamwamba sitilemba mudzi, timalemba parishi: Mzambazi, Katete, Nkhamenya, Rumphi, Nkhata Bay. Wansembe aliyense wobwera ku Katoto pa nkhani za dayosizi sabwerera chimanjamanja, a Sisitere amamudikirira ndi katoni. Kumene kulibe galimoto ya mpingo timapatsira kondakitala wa minibasi kudepoti. Zikafika kuparishi, Bambo Mfumu amapatsa akatekisiti, iwo amalengeza ikatha Misa, amene sanabwere envelopu yake imapita ndi wapampando wa mphakati, kagulu ka akhristu okhala moyandikana. Misa nthawi imeneyi ya mliri inali ya anthu osapitirira 100, madzi odalitsa anachotsedwa pakhomo, kupatsana moni wa mtendere ndi manja kunaleka, koma njira ya maenvelopuyi sinaime.

Anzanga ena amaiderera, amati tabwerera m'mbuyo. Ine ndimakana. Mpingo unayala njira zimenezi kalekale, zoyendetsera makalata a ambuye episkopi, zamtulo ndi maina a obatizidwa, ndipo zimafika kumene netiweki siifika. Akatekisiti amadziwa khomo lililonse m'dera lawo. Ngakhale ana athu a CCAP, amene kumpoto kuno ndi ambiri, envelopu zawo zimafika, chifukwa akatekisiti amadziwa kuti uyu ndi mdzukulu wa uje, nyumba yake ili kuseri kwa chigayo. Kuipa kwake n'kuchedwa basi. Funso lochoka kuno lero, yankho lake ndidzaliona masabata awiri kapena atatu atadutsa, mwana ataiwala kale pamene anakodwa.

Lachinayi ndinakwera kabaza kupita ku Mchengautuwa kukafuna mtsikana wina wanzeru kwambiri pamasamu, amene anangoti zii kuyambira mwezi watha. Ndinamupeza pamsewu atakhala kuseri kwa beseni la mandasi, kope lake lili pansi pa beseni kuti lisanyowe. Atandiona anafuna kuthawa ndi manyazi. Mayi ake anandiyalira mphasa pakhonde.

"Aphunzitsi, musatione ngati sitifuna sukulu," anatero. "Bambo ake ntchito inaima kuhotela, alendo kulibe. Foni tinagulitsa. Nanga tidya mapepalawa?"

Ndinalibe chowayankha cha nzeru. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti alamu awo ayamba kale kulankhula za mwamuna wina wochita bizinesi, akuti mwana wakula, sukulu sizidziwika ngati zidzatsegulidwe chaka chino. Iyi ndi nkhani imene ikutisowetsa tulo kuposa silabasi. Mwana akakhala kuhositelo, belu limamuuza nthawi yodzuka, ya Misa, ya kalasi, yowerenga madzulo. Kunyumba belu kulibe, kuli mtondo, mtsuko ndi anthu omuwerengera zaka. Tinapangana kuti azidzatenga mapepala kuofesi ya parishi Loweruka lililonse, ndipo ndinakauza amayi a bungwe la Chikatolika a mphakati wawo kuti azimuzonda. Ndinagula mandasi a K500, tinachongera limodzi masamu awiri pomwepo, onse anakhoza.

Lachisanu inali nkhani ya ndalama, ndipo sindikhalitsapo. Ife amene timalandira kuboma malipiro akubwera. Ophika, alonda ndi amatroni amalipidwa kuchokera ku fizi, ndipo fizi ya teremu yachitatu palibe kholo lapereka, ndani angawadzudzule? Inki ndi mapepala zikuchokera m'thumba lomwelo. Tinagwirizana zoti manotsi a maphunziro onse azilowa mu envelopu imodzi, ndipo a Chingerezi achepetseko masamba awo. Sanakondwe.

Loweruka katoni yochokera ku Mzambazi inafika, mapepala akununkha utsi wa kukhitchini. Mwa ana anga a kumeneko, onse anabweza kupatula mmodzi, kuposa a m'tauni muno amene ali ndi mafoni. Atatu analakwitsa malo amodzimodzi, chizindikiro choti anakhalira pamodzi, ndipo sindinawadule malikisi, bola akukumana n'kumakambirana masamu. A MANEB sananenebe tsiku la mayeso a MSCE, ine ndatsala ndi mitu inayi yosaphunzitsa, ndipo umodzi mwa iyo ukufuna pepala la magirafu, limene kumudzi sangalipeze m'golosale. Mawa ikatha Misa yoyamba ndikadula mapepala amenewo pakati, kuti aliyense alandireko theka mu envelopu ya Lachitatu.