Kubalansa matayala pa sevisi iliyonse, ndizilipira kapena ndizikana?

Funsoli limabwera nthawi yake yomweyomweyo, galimoto itakwera kale pa jeke, oyilo wakale akudontha m'beseni, iwe utakhala pa benchi ukuwerengera mumtima kuti lero zitha zingati. Makaniko amabwera akupukuta manja ndi kansanza nkunena motsitsa mawu ngati akukuchitira chifundo, "bwana, matayalawa tiwabalansenso? Nkowonjezera pang'ono chabe." Ine zaka zambiri ndinkangoti pangani, osati chifukwa ndinkadziwa chomwe ndikulipira ayi, koma manyazi, ndinkaopa kuoneka ngati munthu woumira amene amakonda kukwera galimoto koma kuyisamala safuna. Pano ndinasintha, nthawi zina ndimavomera nthawi zina ndimakana, ndipo pokana sindichitanso manyazi.

Chomwe amachita kuseri kuja sichovuta kumvetsa. Tayala ndi rimu, ngakhale zitakhala zatsopano zongochoka ku fakitale, sizilemera mofanana mbali zonse, penapake labala anachuluka pang'ono, valavu yopopera mpweya ija ili mbali imodzi yokha, rimu nayo ili ndi mbali yake yolemerako. Kusiyanaku nkwa magalamu ochepa, 20, 30, nthawi zina 50, moti mutanyamula tayala m'manja simungamve kanthu. Ndiye amachotsa tayala ndi rimu yake, kumanga pa makina, makinawo nkulizungulitsa masekondi ochepa, kenako pa sikirini pamatuluka manambala awiri, ina ya mbali yamkati ina yakunja, kusonyeza magalamu amene akusowa ndi malo ake enieni. Pamenepo amakhomapo tizitsulo tija timene amakaniko amati ma weight, pa rimu yachitsulo amatikhomera m'mphepete ndi kahamala, pa rimu ya aloyi nthawi zambiri amamata tomata mkati kuti asakande. Manambala amakhala awiri chifukwa tayala limalakwa pawiri, likhoza kumadumpha m'mwamba ndi pansi, likhozanso kumagwedezekera kumanzere ndi kumanja, ndipo kachitsulo kambali imodzi sikangathetse zonse ziwiri.

Ine poyamba ndinkaseka, kuti magalamu 30 pa galimoto yolemera kuposa tani imodzi angachite chiyani. Tsiku lina ndinatenga pepala nkuwerengera ndekha. Tayala la saizi yofala ija ya 205/55 R16 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2, ndiye pa 100 km pa ola likuzungulira ka 14 pa sekondi iliyonse. Pa liwiro limenelo magalamu 30 amene ali kunja kwenikweni kwa tayala amakoka ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 7 ndi kanthu, ndipo kukokako kukuzungulira limodzi ndi tayala, m'mwamba, kutsogolo, pansi, kumbuyo, ka 14 pa sekondi. Pa 50 km pa ola mphamvu yomweyo sifika ndi makilogalamu 2 omwe, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mphamvuyi imawirikiza kanayi. Nchifukwa chake mukamayenda pang'onopang'ono galimoto imakhala bwinobwino, mukangolowa msewu waukulu nkufika cha m'ma 80 mpaka 110 sitiyaringi imayamba kunjenjemera m'manja ngati foni ikuitana, nthawi zinanso mukapitirira liwiro limenelo kunjenjemerako kumachepa, zomwe zimapusitsa anthu kuti vuto latha lokha. Silinathe, kungoti mwadutsa pomwe kuzungulira kwa tayala kumagwirizana ndi kudumpha kwa masipuling'i ndi mashoko.

Ndiye kuti balansi ndi yofunika, pamenepo palibe mtsutso. Tayala losabalansidwa limadyeka mwa zigambazigamba, ukaliyendetsa dzanja pamwamba umamva tizigwa ndi timapiri, mashoko ndi mabering'i ndi ma ball joint, timfundo tolumikiza tayala ku galimoto tija, zimagwira ntchito yomwe sizinalembedwere, ndipo paulendo wautali manja amachita dzanzi. Pomwe ine ndimatsutsana ndi amakaniko ena ndi pa mawu oti "sevisi iliyonse". Oyilo amatha mphamvu ndi makilomita, fyuluta imadzaza fumbi, mapadi a mabuleki amadyeka tsiku ndi tsiku mufune musafune, koma kachitsulo kamene kanakhomedwa pa rimu sikatha, kali pomwepo mpaka china chake chitachitika. Inde tayala likamadyeka kalemedwe kake kamasintha pang'onopang'ono, sindikukana, koma ngati munabalansa miyezi ingapo yapitayo, tayala silinachokepo pa rimu, tizitsulo tonse tilipo, pa 100 sitiyaringi ili zii, ndiye mukulipira kuti makina akuuzeni zomwe manja anu akuuzani kale.

Zinthu zomwe zimasokoneza balansi zimadziwika, ndipo pafupifupi zonse mwini galimoto amakhala alipo zikamachitika. Mwagula matayala atsopano, pamenepo musavutike nkuganiza, balansani, ndipo malo ambiri ogulitsa matayala amaphatikiza kale ntchitoyi pomanga. Tayala linabooka ndipo analichotsa pa rimu kuti alimate mkati, apanso balansani, chifukwa polibwezera kawirikawiri silibwerera pamalo pake penipeni pokhapokha wina atalemba chizindikiro ndi choko asanachotse, komanso chigamba chomwe amata chija chili ndi kulemera kwake. Mwagunda dzenje lalikulu kapena mwakhula m'mphepete mwa msewu poimika, kachitsulo kakhoza kuthothoka, ndipo mukasuzumira pa rimu mumaona kamalo koyera kamakona anayi kapena zotsalira za guluu pomwe kanali. Zimenezi munthu umaziona wekha utagwada mphindi imodzi.

Koma kukana nakonso kunandilumapo, ndisaname. Nditangoyamba kudzimva kuti nkhaniyi ndayidziwa, ndinapita ku sevisi pa galaja ina, anandiuza kuti matayala akutsogolo adyeka kuposa akumbuyo ndiye awasinthanitse, akumbuyo apite kutsogolo, zomwe ndi zabwino ndithu ndipo opanga magalimoto ambiri amalimbikitsa kuchita pakatha makilomita cha m'ma 8,000 mpaka 10,000. Atafunsa za balansi ine ndinayankha mwamatama kuti ayi galimotoyi sinjenjemera, ingosinthanitsani basi. Makaniko wake anali bambo wachikulire, sanakangane nane, anangoti "chabwino bwana, koma mukamva kanthu mubwere." Ndinatuluka ndikudziyamikira kuti lero sanandidye. Nditangolowa msewu waukulu nkuponda pang'ono, sitiyaringi inayamba kuvina m'manja, chinthu chomwe m'mawa womwewo kunalibe. Ndinabwerera mawa lake nkhope ili pansi, madala aja osaseka nkomwe, anangochotsa tayala lakumanzere kuliyika pa makina nkundikodola kuti ndione ndekha nambala. Tayala lija linali losabalansika kalekale lili kumbuyo, koma kumbuyo kulibe sitiyaringi yoti ikuuze, kunjenjemera kwake kumathera mu mpando ndi pansi pa mapazi ndipo ine ndinali nditakuzolowera nkumati ndi msewu. Kuyambira tsiku limenelo, akamasinthanitsa matayala ndimalola kuti awiri amene akupita kutsogolowo adutse pa makina.

Chinanso chomwe chimadyetsa anthu ndalama nkusokoneza balansi ndi alayimenti, moti ena amangoti "andipangire zamatayala zija" osadziwa kuti ndi ntchito ziwiri zosiyana. Alayimenti ndi ya momwe matayala aimira ndi komwe aloza, galimoto ikamakokera mbali imodzi mutasiya sitiyaringi pa msewu wowongoka, kapena sitiyaringi ili yopendekeka pomwe inu mukupita molunjika, kapena tayala likudyeka m'mphepete imodzi yokha mkati kapena kunja, imeneyo ndi alayimenti ndipo mungakhome tizitsulo thumba lonse sizisintha. Balansi ndi ya kunjenjemera kobwera ndi liwiro. Ndiye pali kunjenjemera kwina komwe si kwa zonse ziwiri, monga kumene kumabwera pokhapokha mwaponda buleki, kumeneko yang'anani ma disiki a mabuleki. Rimu yopindika nayo makina akhoza kuyibalansa mpaka kuonetsa ziro koma pamsewu nkumadumphabe, chifukwa vuto si kulemera, koma kuti rimuyo siilinso yozungulira bwino. Tayala lomwe latuluka chotupa m'mbali, mawaya amkati aduka, limenelo si la balansi, ndi lochotsa lisanakuphulikireni. Galimoto yomwe yaima malo amodzi masabata ambiri nayonso imagunda pang'ono poyamba chifukwa matayala aphwatalala pomwe anakhalira, nthawi zambiri zimatha zokha akatenthedwa. Ndipo chophweka kuposa zonse, matope. Matope akauma mkati mwa rimu amalemera kuposa tizitsulo tonse tija, ine zinandichitikirapo, ndinatsala pang'ono kupita ku galaja koma nditatsuka mkati mwa marimu ndi payipi kunjenjemera konse kunatheratu.

Nkhani ya matopeyi ndiyonso imandiuza ngati amene akubalansayo akuidziwa ntchito. Ndikavomera kulipira sindikhalanso pa benchi, ndimapempha mwaulemu kuti ndiime pafupi ndione. Wodziwa amayamba wapala matope mkati mwa rimu, kuchotsa timiyala m'mizere ya tayala, kuona mpweya, kuchotsa tizitsulo takale tonse, kenako ndiye kuzungulitsa. Akakhoma tatsopano amazungulitsanso kachiwiri kuti pa sikirini pabwere ziro mbali zonse ziwiri. Waulesi amangowonjezera kachitsulo pamwamba pa takale, ndiye mumapeza rimu ili ndi tizitsulo mbali iyi ndi tina mbali inayo moyang'anizana, tikulimbana tokhatokha. Tayala limodzi likafuna magalamu ochuluka modabwitsa, wodziwa sangokhoma mzere wonse, amaphwetsa tayala nkulitembenuza pa rimu kuti mbali yolemera ya tayala ikumane ndi mbali yopepuka ya rimu. Pa matayala ena atsopano mumaona kadontho kachikasu m'mbali, kameneko kakusonyeza pomwe tayala lapepuka ndipo kamayenera kuyang'anizana ndi valavu, ine ndinakhala zaka ndikuganiza kuti ndi penti yongodonthera ku fakitale.

Tizitsuloti kale tambiri tinali ta mtovu, chifukwa mtovu ndi wolemera komanso wofewa kupinda, koma timathothoka nkumaperekeseka m'misewu ndipo mtovu ndi poizoni, moti maiko a European Union analetsa ta mtovu mu 2005 ndipo pano tambiri nta zinki kapena chitsulo wamba. Izi ndangodutsamo, sizisintha kanthu pa funso la kulipira, kungoti ta zinki ndi ta chitsulo timakhala tokulirapo pa magalamu omwewo ndiye musadabwe mukaona mzere wautaliko mkati mwa rimu.

Pali anthu amene ndingawauze kuti asamakane kawirikawiri ngati ine. Amene amayenda maulendo ataliatali pa liwiro sabata iliyonse, amene msewu wawo wa tsiku ndi tsiku ndi wa maenje okhaokha, amene galimoto yawo imayendetsedwa ndi anthu angapo moti palibe amene angakuuze kuti anagunda chiyani dzulo, komanso amene ali ndi matayala okwera mtengo oti kudyeka msanga kungawawe kwambiri kuposa ndalama ya balansi. Palinso anthu ena, ndipo ndikuwadziwa, oti galimoto ikhoza kumagwedezeka mpaka galasi loonera kumbuyo kumachita chizimezime iwo osamva kanthu, wailesi ili pamwamba. Amenewo makina aziwamvera. Koma wa galimoto yongopita kuntchito nkubwera, yosafika ndi pa 70 pomwe, matayala osakhudzidwa chibalansireni, ndalama imeneyo bola aisunge ya mapadi a mabuleki kapena agule koyezera mpweya, chifukwa mpweya wochepa umadya matayala ambiri kuposa balansi ndipo palibe amene amabwera ndi kapepala kudzakufunsani za umenewo.

Sabata yatha ndinali ku sevisi, ndipo dzulo lake ndinachita zomwe ndimachita masiku ano, kupeza msewu wosalala, kuzimitsa wailesi, kukwera pang'onopang'ono kuchoka pa 60 mpaka 110 manja atangogwira sitiyaringi mopepuka, nkumamvetseranso mpando. Kunali zii. Ndinagwada nkusuzumira marimu onse anayi, tizitsulo tonse tili m'malo. Funso lija litabwera ndinati lero ayi achimwene, sitikusinthanitsa ndipo palibe lachoka pa rimu. Mnyamatayo anayendetsa dzanja pa tayala lakutsogolo, kenako lakumbuyo, nkuti "zoona, ali bwino, koma lakumbuyo kumanjali mpweya wachepa," ndipo atayeza linalidi lotsika, pafupi ndi m'mphepete munali kamsomali kamutu wonyezimira komwe ine pogwada paja sindinakaone. Analichotsa pa rimu kuti amate, ndiye limodzi limenelo ndinalipira balansi.